Amene Ananditsata Kuseri kwa Phiri

Ndinayamba kuthamanga chifukwa cha mawu a enfermeira, namwino wa kuchipatala. Atandiyeza anati magazi anga akuthamanga kwambiri, ndipo ndikapanda kuchepetsa thupi ana anga adzakula opanda bambo. Nthawi imeneyo n'kuti nditatha chaka chimodzi ndikuphunzitsa pa eskola ina ya kumudzi ku Tsangano. Kwathu ndi ku Furancungo, m'boma la Macanga. Kuno ndinali wobwera.

Njira ndinaipeza ndekha. Imayambira kuseri kwa nyumba za aphunzitsi, n'kudutsa m'minda ya kachewere, n'kuwoloka kamtsinje, kenako n'kukwera chitunda cha miyala chimene chimakusiya ukupuma ngati ng'ombe ya pangolo. Pamwamba pali mphambano. Njira yakumanja imalowera kumalire a Malawi, koma inamera tchire kalekale. Yakumanzere imazungulira phiri kudzera m'mitengo ya masuku n'kudzatsikira m'mudzi momwemo. Yonse ndi makilometro oito, asanu ndi atatu.

Anthu sizinawasangalatse. Munthu wamkulu, wandevu zake, kumathamanga popanda chomupirikitsa? Amayi Genoveva, amene munda wawo uli m'mbali mwa njirayo, anandiimitsa tsiku lina khasu lili paphewa.

"A profesolo, mumafunanji m'minda mwathu?"

"Ndimangolimbitsa thupi, mayi."

"Chaka chatha kachewere wanga anabereka. Chaka chino mwayamba kuzungulira inu, wanyala. Ndiye tiziti chiyani?"

Mkazi wanga Tânia anamva kuchitsime kuti ndimakawa mbewu za anthu ndi mankhwala. Anandichonderera kuti ndisiye. Ndinakana. Mutu unali utasiya kundipweteka, ndipo ndinkagona bwino.

Lachinayi lina m'mwezi wa Junho, msonkhano wa aphunzitsi unachedwa kutha. Ndinanyamuka dzuwa litatsala pang'ono kulowa. Kunkazizira. Pomwe ndimawoloka kamtsinje, nkhungu inali itatsika kale.

Ndili pakati pa chitunda ndinamva mapazi m'mbuyo mwanga. Osati nsapato. Mapazi enieni, phathaphatha pamiyala. Ndinaima. Nawonso anaima. Nditatembenuka ndinangoona nkhungu.

Ndinakumbukira kuti amayi Genoveva ali ndi ana aamuna atatu, madzitho okhaokha. Ndinatola mwala.

"Ndani?"

Zii.

Ndinayambanso kukwera. Mapazi aja anayambanso. Tsopano panali kenakenso kamene kankalira, kwengwere kwengwere, ngati mbale zachitsulo zikugundana m'mtolo.

Pamphambano ndinawerama, manja pamaondo, kuti ndipezeko mpweya. Nditadzutsa mutu, anali ataima pafupi nane. Mayi wachitsikana, wowonda, mtolo pamutu, mwana kumbuyo m'chitenje chofuwirira. Anali atakwera chitunda chonse chija, koma chifuwa chake sichinkagwedezeka. Mpweya wanga unkatuluka ngati utsi m'chisanumo. Wake sunkaoneka.

"Achimwene," ananong'ona, "afika pati?"

"Ayani?"

"Musakweze mawu. Ndakuonani mukuthawa. Njira ya ku Malawi mukuidziwa, eti?"

Ndinaunguza uku ndi uku. Ndinatsimikiza mumtima kuti uwu ndi msampha. Atuma mkazi kuti akuwe, amuna avumbuluke m'tchire ndi zibonga, mawa mudzi wonse uzinena kuti profesolo amugwira ndi mkazi wa mwini kuphiri. Ndinakhotera kumanzere n'kuliyatsa liwiro.

Sanatsale m'mbuyo. M'masuku munali mutada kale. Njira ya mbali imeneyo ndi yopapatiza, yoterera, kumanja kuli phompho. Ine ndinkaphunthwa ngakhale ndinkaidziwa. Iye ankangobwera, phathaphatha, mbale zili kwengwere kwengwere. Mwana uja sanalire n'kamodzi komwe.

"Musandisiye, achimwene. Wina uja wandisiya kale."

Ndinakodwa ndi muzu n'kugwa chafufumimba. Bondo linang'ambika. Ndinadikira zibonga. Sizinabwere. Mayi uja anangoima chapamutu panga, kundiyembekeza. Ndinaona mapazi ake pafupi ndi nkhope yanga. Anali ong'aluka, otuwa ndi fumbi, chonsecho udzu wonse unali utanyowa.

"Dzukani. Tatsala pang'ono, eti?"

Sindidziwa chimene chinandiyankhulitsa. Ndinati, "Eee, tatsala pang'ono."

Tinatsika. Ndinayamba kuona nyali za m'mudzi, ndinamvanso wailesi ya wina ikuimba. Pamkuyu waukulu wa polowera m'mudzi, mapazi aja anasiya. Ndinacheuka. Anali akuyang'ana mtengowo kuyambira kutsinde mpaka kunsonga.

"Kuno si ku Malawi," anatero. Sanakalipe. Anangoyankhula ngati munthu wotopa. "Uwu ndi mkuyu wathu. Mwandibweza kwathu."

Anandidutsa. Mbali imene anadzera inazizira ngati andikhudza ndi nsalu yonyowa. Analowa pakati pa nyumba, osafunsa munthu njira. Agalu a m'mudzimo amauwa ngakhale mbuzi, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anatsegula pakamwa. Nkhungu inamumeza.

Tânia ataona bondo langa anagwira pakamwa. "Akumenyani?" Ndinamufotokozera zonse. Anadzuka n'kutseka zenera. "Musauze munthu aliyense," anatero.

Koma m'mawa mwake amayi Genoveva anabwera okha. Anakana mpando. Maso awo anali ofiira.

"Dzulo ndinakubisalirani pamkuyu kuti ndione chimene mumatsika nacho kuphiri," anatero. "Ndachiona."

"Mukumudziwa?"

"Ndi Edina, mkazi woyamba wa a Bonifácio a kumapeto kwa mudziwu. Tinathawa tsiku limodzi pa nthawi ya nkhondo, mu oitenta e seis, 1986. Tonse tinawoloka malire. Iye ndi mwana sanafike. Amuna akewo anatiuza kuti anasochera m'nkhungu." Anandiyang'anitsitsa. "Inu mwamutenga bwanji? Wakutumani ndani?"

Ndinalumbira kuti sindinamvepo dzina limenelo. Sanakhulupirire. Pofika Loweruka nkhani inali paliponse. Ena ankati abale a Edina a ku Macanga ndiwo anandituma, popeza nanenso ndine wa komweko. Ena ankati mankhwala anga okawira mbewu akolola zina. Makolo asanu anachotsa ana awo m'kalasi mwanga. Pamsika amayi ogulitsa nyemba ankati zatha, chonsecho zili pamphasa.

Lamlungu madzulo kunabwera nkhalamba yaitali, yovala jekete lakutchalitchi. Ndinali ndisanayankhulanepo nayo. Tânia anandinong'oneza kuti ndi a Bonifácio, kenako analowa m'nyumba. Iwo anakhala pakhonde, chipewa pabondo.

"Masiku atatu tsopano," anayamba, "ndikatseka chitseko madzulo, ndimamva wina akutula mtolo panja. Sagogoda. Amangotula."

Anatembenukira kwa ine.

"Mwana anali naye?"

"Anali naye, agogo."

"Ankalira?"

"Ayi."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anayang'ana kuphiri nthawi yaitali.

"Ankalira kwambiri tsiku lija," anatero. "Anthu ankati atigwiritsa tonse kwa asilikali. Ndinamuuza mayi wake kuti akhale pamphambano amutonthoze, ndibwera kudzawatenga."

Anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja.

"Profesolo, ndiuzeni zoona. Anafunsa za ine?"

"Sanatchule dzina lanu. Anangofunsa njira."

A Bonifácio anavala chipewa, anaimirira movutikira, akugwira mzati wa khonde.

"Njira ndinkaidziwa ndine," anatero.