Ndime ya Ritsuki

Ritsuki anavula mahedifoni pang'onopang'ono n'kuwaika padesiki. M'chipinda choimbiramo cha pasekondale yawo ku Osaka munangoti zii.

"Ma-mawu anga ali kuti?" anafunsa osamuyang'ana Kotone.

Awiriwa anayamba kupeka nyimbo limodzi atangolowa sekondale. Kotone ankaimba makolasi ofewa n'kukonza biti pakompyuta, Ritsuki n'kumarapa. Nyimbo zawo zinkanena za m'tsogolo: mizinda yolendewera m'mitambo, maloboti osowa tulo, ana obadwira kumwezi amene sanamvepo fungo la mvula. Ritsuki anali wachibwibwi. M'kalasi aphunzitsi akamuloza, ena ankawerama kubisa kuseka kwawo. Koma biti ikagunda lilime lake linkamasuka, ndipo mawu akakodwa apo ndi apo, ankangowabwereza motsatira ng'oma mpaka kumveka ngati wachitira dala.

Vuto linabwera ndi Hayase, mnyamata wa chaka chomaliza amene ankasankha magulu odzaimba pachikondwerero cha sukulu. Kotone anamuikira nyimbo yawo yatsopano kuti aimve, yonena za chombo chomaliza kunyamuka padziko lapansi. Hayase anayamikira kolasi, koma ndime ya rapu itafika anakwinya nkhope.

"Nyimbo ndi ya m'tsogolo, koma mnzakoyu akumveka ngati njinga yamoto yokana kulira," anatero.

Kotone anaseka. Sanafune, koma anaseka. Hayase anamulangiza kuti aikemo mawu opangidwa ndi kompyuta, ndipo anati akatero gulu lawo ndi limene lidzatseke chikondwerero. Tsiku lomwelo Kotone analowetsa mizere ya Ritsuki m'makina. Mawu anatuluka osalala, osapunthwa paliponse. Anauza mnzakeyo zonse zitatha kale.

"Mizere ndi yako yomwe ija, sindinasinthe kanthu," anatero Kotone tsopano mofulumira. "Iwe udzavala chisoti cha loboti, uzidzangogwedeza mutu pansanja. Anthu sadzadziwa."

"Ndiye ndi-ndikhale chidole."

Ritsuki anatenga chikwama chake, n'kutseka chitseko mwaulemu ngati akutuluka mu ofesi ya aphunzitsi.

Kotone anadziuza kuti mtima wa Ritsuki utsika. Koma masiku anapita, Ritsuki osabweranso kuchipinda chija. Chakudya cha masana ankadyera yekha pamasitepe. Mauthenga a pafoni ankawerenga, osayankha. Kotone ankayeserera nyimbo ndi mawu a makina aja, ndipo tsiku lililonse ankamva kuti ndi yokongola, komanso kuti mulibe munthu.

Loweruka lina anapita kukalesitilanti ka mayi a Ritsuki kamene kanali pansi pa mlatho wa sitima. Anawapeza akuika mbale m'makatoni.

"Mwanangu, mwayambana chiyani?" anafunsa mayiwo. "Mnzako ankasokosa ndi nyimbo ngakhale posamba. Pano ngakhale kwa makasitomala akungoloza ndi chala."

Kotone anafunsa za makatoniwo. Mayiwo anadabwa kuti sakudziwa. Anamufotokozera kuti agogo ake a Ritsuki akudwala ku Akita, kumpoto, ndipo banja lonse lisamukira komweko chikondwerero chikangotha. Ritsuki anali atawachonderera kuti adikire kaye, aimbe komaliza ndi mnzake.

Kotone anakumbukira ndime ya Ritsuki ija: munthu ali pazenera la chombo, akuyang'ana mnzake wotsala pansi, akulephera kutsanzika. Iye anailowetsa m'makina mzere ndi mzere, osaimva n'komwe.

Kotone anamupeza Ritsuki kuseri akutsuka mapoto. Anapepesa misozi ili chuchuchu. Anati mawu a makina awafufuta lero lomwe, ndipo Hayase akakwiya akwiye. Ritsuki anapitiriza kukwecha poto kwa kanthawi, kenako anatseka mpopi.

"Si makinawo, Kotone. Hayase anandiuza yekha za nji-njinga yamoto ija. Akuti u-unaseka."

"Ndinaseka, koma sindinka..."

"Onse amaseka. Ndinazolowera. Iwe wekha ndi amene su-sunkaseka."

Ritsuki anatsegulanso mpopi n'kupitiriza kutsuka.

Tsiku la chikondwerero holo inadzaza. Magetsi abuluu ankazungulira padenga ngati nyenyezi. Kotone anaimba kolasi yoyamba yekha, ndipo ndime ya rapu itafika anatsitsa maikolofoni. Biti inapitirira yokhayokha, popanda mawu a munthu kapena a makina. Anthu anayamba kunong'onezana kuti sipika yafa. Hayase anali m'mbali mwa nsanja akukupiza manja mwaukali. Kotone anangoima, maso akuyendayenda m'mizere ya mipando, mpaka ndime yonse inatha. Ritsuki munalibe. Kuwomba m'manja kunali kwa apo ndi apo, ndipo Hayase sanamulankhulenso.

Tsiku la ulendo Kotone anathamangira kusiteshoni. Anawapeza ataima pamzere, mayi atanyamula chakudya cha panjira, Ritsuki akukoka sutikesi. Mayiwo anasunthira patali dala kuti anawo alankhulane.

Kotone anamuuza kuti ndime ija anaisiya yopanda kanthu, ndipo idzakhala choncho mpaka mwiniwake adzaifune. Ritsuki anati anamva, wina anamutumizira kanema. Anaoneka ngati akufuna kuwonjezera zina. Kotone anadikira, wokonzeka kudikira ngakhale sitima itawasiya. Koma belu linalira, zitseko zinatseguka.

Ritsuki anaika manja m'mbali n'kuwerama bwinobwino, monga achitira munthu kwa mlendo amene wamuthandiza njira.

"Zikomo pa zonse," anatero, osakodwa pena paliponse. "Tsalani bwino."

Sitima itachoka Kotone anakhala pabenchi nthawi yaitali. Chiyambire kudziwana kwawo, Ritsuki anali asanamutchulepo kuti inu.