Akananso, Duwa Langa

Leah anakumana ndi Jafeti pa siteji ya minibasi ku Kachulu, doko la panyanja ya Chilwa, dengu la matemba lili pamutu. Mnyamatayo anali ndi kamera m'khosi, ndipo anamujambula asanamupatse n'komwe moni.

"Mwandipempha?" anafunsa Leah.

"Pepani chemwali. Kukongola kwanuku ndi kumene kwandilakwitsa."

Pakamwa pa Jafeti panali pothira shuga, abale inu. Sabata ziwiri zisanathe, Leah anali atasanduka "duwa langa". Jafeti anamufotokozera ntchito yake: pa intaneti pali makampani osunga zithunzi n'kumazigulitsa kwa anyuzipepala ndi olemba mabuku, koma salandira chisawawa. Chithunzi chizikhala chowala bwino, chosagwedera, ndipo wojambulidwayo asaine fomu yovomera.

"Akangolandira zithunzi zanga khumi, ndikutuma amalume kwanu. Khumi basi, duwa langa. Ndalumbira."

Leah anasaina. Anauza mayi ake, mayi ake anauza amalume ake, ndipo pofika Lamulungu tchalitchi chonse chinali chitadziwa kuti Leah, mwana wa a Edwadi, wapeza mwamuna.

Kenaka mauthenga a pafoni ochokera kwa Jafeti anayamba kubwera.

"Akana. Akuti dzuwa lachuluka, nkhope yada."

Woyanika matemba ungamuphunzitse za dzuwa? Leah ndiye anati azijambula m'mawa, dzuwa likangotuluka kuseri kwa chilumba cha Chisi, lisanakwiye. Anayamba kudzuka mbandakucha, n'kumaima m'matope mpaka m'mawondo, udzudzu ukumudya, iye akumwetulira.

"Akananso, switi. Akuti chagwedera."

Leah anasenza mtondo wa mayi ake mpaka kudoko, n'kuuzondotsa kuti kamera izikhala pamenepo.

"Akuti m'maso muli mthunzi."

Anachapa thumba la feteleza mpaka kuyera, n'kulimangirira pa nsungwi kuti lizibweza kuwala kunkhope. Kagalasi ka kamera ankapukuta yekha ndi nsonga ya mpango wake wa kutchalitchi. Kodi pali china chimene mwana wa eni sanachite?

Miyezi isanu ndi iwiri inatha chomwecho. Anzake ankagula nsomba zabwino pa mabwato oyamba, iye akumwetulira kamera, n'kumatola zotsala. Azimayi a padoko anamupatsa dzina, "mkwatibwi wa kamera". Amalume ake analeka kufunsa, ndipo zimenezo zinkamuwawa kuposa kufunsako. Leah anatopa. Thupi linatopa, masaya anatopa, ngakhale kuyembekeza kumene kunamutopetsa.

"Zafika zingati tsopano, a Jafeti?"

"Zitatu, wapamtima. Anthu aja ndi ovuta. Pirira, tatsala pang'ono."

Tsiku lina mu Okutobala, atagulitsa matemba ku Zomba, Leah analowa m'kashopu ka makompyuta. Mwini wake anali mayi wochezeka, dzina lake Nasra.

"Amayi, ndithandizeni. Ndikufuna ndione zithunzi zimene kampani iyi imalandira, ndidziwe chimene ife tikulakwitsa." Anawaonetsa dzina limene linali pa fomu ija.

Nasra analemba dzinalo, n'kuwonjezera dzina la nyanja ya Chilwa. Anayang'ana pa kompyuta, n'kuyang'ana Leah.

"Koma uyu si iwe?"

Analidi iye. Iye m'matope, iye ndi dengu, iye akuyanika matemba, iye akuseka. Zowala bwino, zosagwedera ngakhale chimodzi, m'maso mopanda mthunzi. Anawerenga ndi chala mpaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, zonse dzina la Jafeti lili pansi.

"Mwina izi ndi zokanidwa," anatero Leah motsitsa mawu.

"Ayi mwanawe, zokanidwa sizioneka pano. Taona masiku ake. Zambiri zinalowa mu Meyi."

Mu Meyi! Mtima wa Leah unasweka. Misozi sinatuluke, chifukwa nayo imafuna mphamvu. Anathokoza, n'kukakwera minibasi.

Anamupeza Jafeti padoko masana omwewo, atakhala pa bwato logadabuzika, akusewera ndi foni.

"Duwa langa, wabwera bwino. Mawa tilawirire. Akananso, akuti..."

"Ndaziona."

"Waona chiyani?"

"Makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi. Munati khumi."

Shuga yense uja anasungunuka. Jafeti anayang'ana kunyanja, anayang'ana mapazi ake, n'kukanda m'mutu.

"Leah, tamvera. Ukwati ndi nkhani yaikulu. Ndimafuna ndikonzeke kaye, ndiye ndimaopa kukukhumudwitsa. Kukukonda ndimakukonda, ukudziwa iwe."

Leah analibe mphamvu zokalipa. Ankangoganiza za mayi ake, ndi mmene akayambire kuwafotokozera amalume. Anakonza nkhata pamutu, n'kusenza dengu lake lopanda kanthu.

"Mukanangonena kuti wokana ndinu, a Jafeti. Bwenzi miyezi yonseyi ndikugona m'mawa ngati anzanga."