Chala cha Mwana pa Chithunzi

Ntchito yanga ndi yopanga mawebusayiti, makamaka mbali ya tinthu toyendayenda: kabatani kosintha mtundu ukakakhudza, chithunzi chobwera mwakachetechete, uthenga wozimiririka ukatha kuuwerenga. Ndi timizere tochepa ta khodi, topepuka, toti ngakhale foni yotopa isadandaule.

Anandiphunzitsa ntchitoyi ndi mnzanga wa pa tebulo loyandikana ndi langa, amene tinkawatchula kuti a Tsanzikani. Dzinali analipeza chifukwa chodana ndi chinthu chongosowa mwadzidzidzi pa tsamba. "Wongosowa ndi wakuba," ankatero. "Chinthu chizitsanzika." Njira yawo inali imodzi basi. Chinthu chiyambe chazirala kuchoka pa 100 mpaka pa ziro, kompyuta inene kuti zatha, kenako chichotsedwe. Chisanafike pa ziro sichichoka.

Anamwalira atadwala masiku anayi okha.

Chithunzi chawo chinatsala pa tsamba la antchito a kampani yathu, pakati pa changa ndi cha abwana. Maliro atatha, akazi awo anandikokera pambali. Anati mwana wawo wamkazi wa zaka zisanu sagona asanaone bambo ake pa tsambalo.

"Zithunzi zina zilipo kunyumba, koma iye amafuna chomwecho. Amati adadi ali kuntchito. Tsiku lochotsa mudzandiimbire kaye, alamu, ndidzamukonzekeretse."

Ndinalonjeza. Pamaliro munthu amalonjeza chilichonse.

Patapita miyezi iwiri, abwana anati makasitomala akufunsabe za malemuwo, choncho chithunzi chichoke kusanache. Tsiku lonse ndinazengereza. Kunena zoona, ndinkaopa kuimba foni ija kuposa mmene ndinkaopera abwana. Kutada, nditatsala ndekha, ndinaganiza zongochotsa osaimba. Akadzafunsa ndidzati ndi abwana.

Ofesi yathu ndi ya matebulo atatu ndi zenera limodzi lalikulu. Kapu ya a Tsanzikani inali ikadali pa shelefu, palibe amene ankaikhudza. Ndinatsegula tsamba, n'kudina batani lochotsera limene analemba iwo eni. Ntchito yake ndi ya theka la sekondi.

Nkhope inayamba kuzirala. Kenako inaima.

Ndinatsegula pambali poonera manambala. Panalembedwa 12. Ndinadikira, nambala osasuntha. Ndinatseka tsamba, ndinatsegulanso, ndinadinanso. Inatsika bwinobwino n'kudzaimanso pa 12 pomwepo. Maso okha ndi mzere wa pakamwa ndi zimene zinkaoneka.

Ndinawerenga khodi. Mizere isanu ndi iwiri, yoyera ngati mbale yotsuka kumene. Panalibe cholakwika.

Ndili chiwerengere, nambala inasintha. 13. Kenako 20.

Mpando wa pa tebulo loyandikana unalira, monga umalirira munthu akamakhala.

Sindinatembenuke. Si kulimba mtima ayi, khosi ndilo linakana. Ndinangokweza maso pa galasi la zenera, pomwe mdima wa kunja unkandionetsa ofesi yonse. Ndinadziona ndekha. Pambali panga panali chinthu chonga utsi, cha mapewa a munthu.

Nambala inafika 35. Utsi uja unatulutsa kolala ya malaya. Pa 60 ndinazindikira malayawo.

Njira yachidule ilipo. Umalowa m'faelo n'kufufuta chinthu mwachindunji, osazirala, osadikira. Dzanja langa linapita komweko lokha. M'galasi muja mutu unapendekeka pang'ono, mmene ankachitira akandigwira ndikuba njira. Ndinachita manyazi kuposa mantha.

Ndinatenga foni n'kuimbira akazi a malemuwo.

"Alamu, ndi ine. Pepani ndaimba mochedwa. Tsiku lija ndi lero."

"Ndimadabwatu," anatero. "Tili pa tsamba lomwelo. Chithunzi chinayamba kuzirala, ndiye mwanayu wachigwira ndi chala. Akukana kuchotsa."

Ine ntchito yanga ndimaidziwa. Chimene ndinkachita pa kompyuta yanga sichikanaoneka pa foni yawo chisanathe. Ndipo chala chokhudza foni ya kwina sichingaimitse kanthu kwa ine. Ndinangoti, "Chabwino, alamu. Musamufulumize."

Foni sanadule. Ndinawamva akulankhula naye motsitsa, nthawi yaitali. Mawu ambiri sindinawamve. Nambala inakwera mpaka 90, ndipo m'galasi muja munthu anakhala mwaulemu, manja pa tebulo, ngati wodikira kuitanidwa.

Kenako ndinamva, "Asiye tsopano, mama. Atsanzike."

Nambala inayamba kutsika. Sinatenge theka la sekondi. Inatsika imodziimodzi, 50, 30, inadutsa pa 12 osaima. Itafika pa ziro mpando unaliranso kamodzi. Pa tsamba, chithunzi changa ndi cha abwana zinasendera pang'onopang'ono n'kutseka mpata, monga anazilembera mwini wake.

M'mawa ndinawafotokozera abwana. Anati ndi netiweki, ndipo ndisiye kumwa khofi wambiri. Mayi osesa mu ofesi sanatsutse. Anangondinong'oneza kuti kapu ija anaipeza pa tebulo, yotsukidwa, yovundikira, ndipo kwa iwo nkhani inali yosavuta: munthu uja anali asanaloledwe kuchoka pantchito.

Sindikudziwa. Chimene ndikukumbuka ndi mawu omaliza usiku uja foni isanaduke. Panamveka kamawu ka mwana patali, ndipo mayi ake anabwereza kwa ine.

"Akufunsa ngati adadi aweruka."

Ndinayang'ana mpando wopanda munthu.

"Muuzeni kuti aweruka," ndinatero.