Chitseko Chotseka cha Lachitatu

Sajeni ndi mkazi wake anadziwana pantchito yoyang'anira akaidi, ndipo banja lawo linali lokoma zosachita kufunsa. Mkaziyo atapeza malo kuyunivesite kuti achite digiri yachiwiri ya zaupandu ndi chilungamo, Sajeni ndiye anavina kuposa mwini wake.

"Phunzirani, mayi," ankatero. "Mudzayendetse ndende ino, ine ndizidzakuchitirani sawatcha."

Zinthu zinayamba kuipa pa kafukufuku. Lachitatu lililonse mkaziyo ankalowa m'kachipinda ndi mkaidi wina, kalipentala wa pandendepo, n'kutseka chitseko kuti ajambule mawu ake. Lamulo la sukulu linali lakuti zonena za mkaidi zisamveke kwa wina aliyense, makamaka kwa omuyang'anira.

Koma pakamwa pa anthu, abale!

"Bwana, digiri imeneyi amaphunzira chotseka chitseko?" anzake ankamunyogodola Sajeni pageti.

Sajeni ankaseka nawo, mtima ukuwira.

"Ndimveko zimene mumajambulazo," anatero tsiku lina atafika kunyumba.

"Sindingathe, bambo. Ndinalonjeza."

"Mwalonjeza mkaidi? Nanga ine munandilonjeza chiyani?"

"Ine mukundiganizira zimenezo?" anafunsa mkaziyo, misozi ili mbwee.

Nsanje ndi yoipa. Misozi ya munthu wosalakwa, Sajeni anaiona ngati kuvomera. M'mawa mwake anapeza kalipentala akupala thabwa, n'kumukhoma chibonga pamutu kawiri. Munthuyo anatsirizika asanafike kuchipatala.

Kukhoti, Sajeni anaumirira kuti awiriwo anali pachibwenzi, choncho woweruza analamula kuti zojambulidwazo zimvedwe. Mawu a malemuyo anadzaza chipinda chonse:

"Madamu, muno timamenyedwa ngati ng'ombe. Koma alipo mmodzi amene sanandikwezerepo dzanja. Tsiku limene ndinamva za maliro a mayi anga, anakhala nane pansi mpaka nditatonthola. Dzina musalembe, koma ndi amuna anu."

Sajeni anangoti khwefu. Woweruza anamulamula kukhala m'ndende zaka makumi awiri.

Mkazi wake anamaliza digiri ija, anakwezedwa paudindo, n'kutumizidwa kukayendetsa ndende ina kutali. Zonse zimene ankazilakalaka limodzi zinatheka, koma wosangalala nazo panalibe. Umu ndi mmene kukayikirana kumapasulira: Sajeni anakhulupirira nthabwala za pageti kuposa mkazi amene anakhala naye zaka khumi.

Ali m'chitokosi anamulembera makalata asanu ndi awiri opepesa. Yankho linabwera limodzi lokha:

"Ine ndinakukhululukirani kalekale, bambo. Koma amene munamulakwira kwambiri sangawerenge kalata."