Maswiti a Gulugufe

Mwamva kodi? Kalasi yonse inkanong'ona.

"Akuti Gulugufe ali ndi matenda a shuga."

"Akuti amabayidwa jakisoni m'mawa uliwonse."

"Akuti akangodya switi, basi, wagwa!"

Gulugufe ndi mtsikana wokonda kulumpha chingwe. Mnzake wapamtima ndi Mpheta, kamtsikana kakafupi. Mpheta anamva zonsezi. Anadabwa. Bwanji mnzake sanamuuze? Ankafuna kufunsa, koma ankachita manyazi.

Tsiku lina Mpheta ankafuna pensulo. Anapisa m'chikwama cha Gulugufe. Iii! Maswiti!

"Maswiti? Munthu wa shuga?" anatero chamumtima. "Ameneyu afuna kugwa. Ndimuthandize."

Anawatenga onse. Anawabisa m'sokosi mwake. Sanauze munthu.

Belu linalira. Ana anathamangira panja. Gulugufe analumpha chingwe. Analumpha, analumpha, analumphabe. Kenaka anaima. Manja ake ankanjenjemera. Thukuta linali kamukamu. Anakhala pansi.

"Mpheta, chikwama changa," anatero motsitsa mawu. "Maswiti anga."

"Ayi iwe! Udwala!" anatero Mpheta.

Aphunzitsi anabwera chothamanga. Anapisa m'chikwama. Munalibe kanthu. Anachikhuthula. Munalibe kanthu!

"Shuga wake watsika," anatero aphunzitsi. "Maswiti ake ali kuti?"

Watsika? Mpheta mutu unaima. Si paja ankati wachuluka? Wachuluka kapena watsika?

"Aphunzitsi," anatero Mpheta. "Ali muno."

Anapisa m'sokosi. Anatulutsa maswiti. Aphunzitsi anasenda msangamsanga. Gulugufe anatafuna.

Patapita kanthawi, manja anasiya kunjenjemera. Gulugufe anakwinya mphuno.

"Koma iwe Mpheta," anatero. "Switi wonunkha phazi?"

Ana anaseka. Mpheta sanaseke. Misozi inali mbwembwembwe.

Poweruka, amayi a Gulugufe anabwera pageti. Aphunzitsi anawafotokozera. Mpheta anabisala kuseri kwa chitseko.

"Bwera kuno, mwanangu," anatero amayiwo.

"Pepani mayi. Ndimati ndikumuthandiza."

"Ndikudziwa. Tamvera. Jakisoni amatsitsa shuga m'thupi. Kulumpha nako kumatsitsa. Akatsika kwambiri, switi amamukweza."

"Ndiye adzidya maswiti tsiku lonse?"

"Ayi! Pokhapo akatsika."

Mpheta anakanda mutu. "Eee, koma matendawa ngovuta!"

"Nanenso amandizunguza," anatero Gulugufe.

"Nanga bwanji sunandiuze?"

"Ndimaopa kuti undithawa. Nanga iwe bwanji sunandifunse?"

"Ndimaopa kuti ulira."

Amayi anaseka. "Amantha awiri! Tiyeni kunyumba."

Anagwira Gulugufe dzanja ili. Anagwira Mpheta dzanja linalo. Njira yonse Mpheta ankangofunsa. Anafunsa, anafunsa, anafunsabe. Gulugufe ankayankha zonse.

Tsono tandiuza, mnzanga. Ukanakhala iwe, n'kupeza maswiti aja, ukanatani?