Kachasu mu Laputopu

Laputopu ya Rumyana itafa, apongozi ake, mayi Stoyanka, sanachedwe kupeza wolakwa. Anali Bilyana, mwana amene Rumyana analowa naye m'banjamo.

"Kamwana kakoka kathiramo juwisi," anatero akumenya tebulo. "Lamlungu lomweli kapite kumudzi kwa abale a bambo ake. Ndatopa kulera magazi a eni."

Tsvetan, mwamuna wa Rumyana, anangoti maso m'mbale. Bambo wandevu zake, koma pamaso pa mayi ake ankasanduka nkhuku yonyowa. Mwana uja analira mpaka maso kutupa, akulumbira kuti sanaikhudze.

M'mawa mwake akuluakulu onse atatu anapita kwa Kosta, wokonza makompyuta kuseri kwa msika wa mumzinda wa Plovdiv. Apongozi anatsatira dala, ati akamve ndi makutu awo. Kosta anamasula tizitsulo, n'kuchotsa chivundikiro, n'kupukusa mutu.

"Bolodi lonse la m'katimu lapsa. Tiika lina." Kenako ananunkhiza, n'kuseka. "Mwati juwisi? Koma mwana wanuyo ndi katswiri. Iyi ndi rakiya, kachasu wa mapulamu, wophika kunyumba weniweni."

M'nyumba monse munali botolo limodzi lokha la rakiya, la pansi pa bedi la apongozi. Ankatsukira mabala, mawindo, ngakhalenso kupaka pamsana ukawawa.

"Ndimapukuta chabe," mayi Stoyanka anatero, opanda ndi manyazi omwe. "Zala za kamwanako zimasiya litsiro paliponse. Rakiya sinaphepo kanthu."

Rumyana anatembenukira mwamuna wake, misozi ili m'maso. "Mwamva nokha. Mwana wagona ndi njala chifukwa cha bodza. Nenani kanthu, Tsvetan."

Tsvetan anakanda m'mutu. "Amayi amafuna kuthandiza. Komanso Rumi, mwanayo akakhala kumudzi pang'ono, mwina m'nyumba mungakhale mtendere."

Mtima wa Rumyana unazizira. Sanakwiye n'komwe, anangonyansidwa naye. Zaka zonsezi ankayesa ali ndi mwamuna, pomwe ankathandiza mayi wina kulera khanda.

"Ikatha ndiyimbire ndani?" anafunsa Kosta. "Bambowa?"

"Ine," anatero Rumyana. "Awa foni yawo amayankha ndi amayi awo."

Anavula mphete n'kuiika m'dzanja la apongozi ake.

"Mwanena zoona, Lamlungu Bilyana achoka. Achoka ndi mayi ake. Mwana wanuyu nayu, mukamusambitse."

Anatuluka n'kumenyetsa chitseko.