Kamphepo ndi Galasi la M'bafa

Kunyumba onse ankamutchula kuti Kamphepo. Miyendo yake sinkayenda. Koma anali ndi njinga yofiira ya matayala awiri akuluakulu. Akaikankha ndi manja, ankangodutsa ngati mphepo.

Kamphepo anali ndi dzino logwedera. Ankalikhudza ndi lilime. Gwede, gwede. Ankafunitsitsa kuliona pagalasi lisanagwe.

Koma galasi linali m'bafa. Ndipo bafalo linali pa udani ndi njinga. Khomo linali lopanikiza. Sinki inali m'mwamba. Galasi ndiye linali m'mwamba zedi.

Tsiku lililonse amayi ankamunyamula kukamusambitsa. Kamphepo zinkamuwawa mumtima. Iye sanali khanda ayi.

"Amayi, ndikufuna kulowa ndekha," anatero Kamphepo. "Ndikufuna kusamba ndekha. Ndikufuna kuona dzino langa."

Amayi anaitana amalume. Amalume anali mmisiri womanga nyumba. Anali aatali ngati mlongoti. Kumutu anali ndi dazi lonyezimira.

Amalume anafunsa kuti bafa likule bwanji. Kamphepo anatenga kapu ya madzi. Anathira madzi pasimenti. Anapondapo ndi matayala. Kenako anazungulira, nazunguliranso. Matayala anajambula mzere wozungulira pansi.

"Likule chonchi, amalume. Njinga izitha kutembenuka."

Amalume anagwedeza mutu. Anatulutsa tepi n'kuyeza mzere uja.

Kamphepo anawauzanso kuti bafa lisaoneke ngati la kuchipatala. Anasankha matailosi obiriwira ngati masamba. Anasankha zogwirira zachikasu ngati dzuwa. Pansi anasankha matailosi osaterera.

Ntchito inayamba. Go, go, go! Amalume anagumula khoma. Anakuza khomo. Anachotsa sitepe ya pakhomo. Fumbi linali koboo m'nyumba monse.

Dzino nalo silinkadikira. Gwede, gwede.

Kamphepo anapempha amalume kuti afulumire. Amayi anaseka.

"Mwanawe, kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Ine sindikufuna maso a nkhono," anatero Kamphepo. "Ndikufuna dzino langa."

Tsiku lina m'mawa amalume anapukuta manja. Bafa latha, anatero. Kamphepo anakankha matayala. Analowa yekha, osagunda paliponse. Anazungulira pakati. Mawondo ake analowa pansi pa sinki. Anatsegula mpopi yekha. Anagwira chogwirira chachikasu. Anaona mpando wosambirapo pafupi ndi shawa. Mtima wake unadzaza ndi chimwemwe.

Kenako anayang'ana pagalasi.

Sanaone maso. Sanaone mphuno. Sanaone dzino. Anangoona kariboni komangira tsitsi pamutu pake. Misozi inalengeza m'maso.

Amalume anadabwa. Galasi liri bwinobwino, anatero. Iwo ankadziona nkhope yonse. Inde, ankadziona, pajatu anali ataimirira!

Kamphepo anapukuta misozi. Anaona ndowa pakona. Anaikoka n'kuivundikira pafupi ndi njinga.

"Amalume, takhalani apa."

Amalume anakhala pandowa. Mawondo anafika m'chibwano.

"Mukuona chiyani pagalasi, amalume?"

Amalume anasuzumira. Anatalikitsa khosi. Anasuzumiranso.

"Ndikuona dazi lokhalokha," anayankha motsitsa mawu.

Amayi anaseka mpaka kugwira nthiti. Kamphepo anaseka. Amalume nawo anaseka, ndowa n'kumagwedera.

Amalume anamasula galasi. Analitsitsa pang'ono. Kamphepo anaona mphumi. Analitsitsanso. Kamphepo anaona maso. Analitsitsanso.

"Pomwepo, amalume. Musalisunthenso."

Kamphepo anayasamula. Dzino lija linali pomwepo, laling'ono, loyera, lopendekera. Analiyang'ana nthawi yaitali. Analikhudza ndi lilime. Gwede, gwede. Basi dzino linagwera m'dzanja lake.

Linali litamudikira ndithu.

Kamphepo anamwetulira. Pagalasi panaoneka mtsikana wa gweru. Kamphepo anamukonda mtsikanayo. Amayi ananjuta mbali iyi. Amalume ananjuta mbali inayo. Nkhope zitatu zinakwana m'galasi limodzi.

Kenako Kamphepo anatenga sopo. Anatenga thaulo. Anawayang'ana onse awiri.

"Zikomo amalume. Zikomo amayi. Tsopano tatulukani, ndikufuna kusamba."

Amayi anatuluka. Amalume anatuluka ndi ndowa yawo. Kamphepo anatseka chitseko yekha. Amayi anaima panja n'kumamvetsera. M'katimo madzi ankathirika, ndipo mwana wawo ankaimba.